ALENDO PAGOMBE LATHU LOMWE

Aliyense wa ife adachionapo chithunzi chija. Chimapezeka pa makalendala, m'timabuku tokopa alendo ndi pa zikwangwani za ku bwalo la ndege: mchenga woyera mbee, madzi a mtundu wa thambo, mlambe chapatali, ndipo pakati pake bambo, mayi ndi ana awiri akuthamangitsana m'mafunde. Pansi pake amalembapo kuti Likoma, kapena Cape Maclear, kapena Chintheche. Malowo ndi athu, dzuwalo ndi lathu, mlambewo ndi wathu. Koma tayang'anitsitsani nkhope za banjalo. Kawirikawiri si nkhope za kwathu kuno. Mmalawi akaoneka pa chithunzipo ndiye kuti wanyamula thireyi ya zakumwa, kapena akupalasa bwato patali kuti chithunzi chikome.

Ine ndine mwana wa ku Wovwe m'boma la Karonga, ndipo mlandu umene ndabwera nawo pabwalo pano ndi uwu: banja la Mmalawi wamba lidalandidwa ufulu wopuma pa nyanja yake. Tidazolowera kunena kuti walilanda ndi umphawi, chifukwa umphawi ulibe nkhope ndipo sungaitanidwe ku bwalo la milandu. Ine ndikuti alipo ena olanda amene ali ndi manja ndi maina: mipanda, mitengo yowerengedwa m'madola, kayendedwe ka pa nyanja kamene kadaiwalika, ndi maganizo amene ife ophunzira tikuthandiza kufalitsa.

Tiyambe ndi kwathu. Mtsinje wa Wovwe umachokera pa phiri la Nyika nutsika mothamanga kukathira m'nyanja. Pa ulendo wake waufupiwo umagwira ntchito ziwiri zazikulu: umazunguza makina opanga magetsi amene adayamba kugwira ntchito mu 1995, ndipo umathirira minda ya mpunga ya m'sikimu imene yadyetsa mabanja athu kwa zaka makumi angapo. Mpunga wa ku Karonga mumaudziwa nonse, pakuti ndi umene mumaufuna pa ukwati ndi pa Khirisimasi. Tsono munthu amene amalima mpungawo amakhala m'matope kuyambira pookera mpaka pokolola, kuingitsa mbalame, kupuntha, kupeta, ndipo akangotsiriza wa dzinja amayamba wa chilimwe. Ngati alipo munthu m'dziko muno woyenera kukhala pa mthunzi masiku atatu osagwira khasu, munthuyo ndi ameneyu. Nyanja ili pafupi, msewu wa M1 ukudutsa pakhomo. Koma kafunseni m'midzi yathu kuti ndi mabanja angati amene adanyamukapo onse, bambo, mayi ndi ana, kupita kwina popanda maliro, popanda matenda, popanda msonkhano wa mpingo, kungoti akaone dziko. Mudzawerenga pa zala za dzanja limodzi.

Nanga zoti akaone zikusowa? Pafupi ndi doko la Chilumba pali malo otchedwa Uraha, pamene mu 1991 akatswiri otsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage adafukula nsagwada ya munthu wakalekale, ya zaka zoposa mamiliyoni awiri. Ophunzira a ku Germany ndi ku America amawerenga za Uraha m'mabuku awo, pamene mwana wa ku Wovwe amadutsa pomwepo pa minibasi osadziwa kanthu. Ku Karonga kuli nyumba yosungira zakale imene idatsegulidwa mu 2004, ndipo m'menemo mwaima chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chimene mafupa ake adapezeka m'boma lathu lomweli. Chakummwera, ukakwera msewu wokhotakhota wochokera pa Chitimba, umafika pa mathithi a Manchewe ndi ku Livingstonia, kumene amishoni adakhazikika mu 1894. Zonsezi zili pa mtunda wa tsiku limodzi. Alendo amaoloka nyanja zamchere kudzaziona. Eni ake timangozimva ngati nthano.

Koma pakati pa zonsezi, malo amene amandipweteka mtima kwambiri ndi chilumba cha Likoma. Chilumbachi ndi chaching'ono, pafupifupi masikweya kilomita 18, ndipo chili m'madzi a dziko la Mozambique ngakhale ndi cha Malawi. Pamodzi ndi Chizumulu chimapanga boma limene pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu pafupifupi 14,500. Pali milambe yaikulu, pali magombe a mchenga pakati pa miyala, ndipo m'madzi ake owala mwana angathe kuona ndi maso ake tinsomba ta mbuna ta mawangamawanga timene akatswiri a dziko lonse amabwera kudzaphunzira. Palinso tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene adayamba kumanga mu 1903 nachipatula mu 1911. Mabuku amatamanda amishoni a UMCA amene adachilingalira, koma miyala adaisenza ndi anthu a pachilumba pomwepo, amuna ndi akazi, ndipo sukulu za pa Likoma zidatulutsa aphunzitsi, makalaliki ndi ansembe amene adamwazikira dziko lonse lino ndi kupitirira. Malo otere ndi buku la mbiri, la sayansi ndi la chipembedzo lotsegulidwa pa dzuwa. Mwana aliyense wa Mmalawi adayenera kuliwerenga kamodzi asadakule.

Tsono tiyeni tione m'mene anthu awiri amafikira pa Likoma. Mlendo wa ndalama amatsika ndege yaikulu ku Lilongwe, nakwera kandege kakang'ono, ndipo patapita ngati ola limodzi mapazi ake ali mu mchenga. Banja la ku Wovwe, limene limatha kuona nyanja yomweyo likakwera pa chulu, liyenera kudikira sitima. Sitima imene yalumikiza doko la Chilumba ndi Nkhata Bay, Chizumulu ndi Likoma kwa mibadwo itatu ndi Ilala, imene idapangidwa ku Scotland mu 1949, nkudzalumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba ulendo wake mu 1951. Kwa zaka zambiri yakhala ikuyenda kamodzi pa sabata, ndipo ikalowa m'chipatala chake, monga zidachitikira mu 2012, anthu a m'mbali mwa nyanja amakhala ngati amasiye. Kwa zaka zambirinso pa Likoma padalibe doko lenileni, kotero kuti nkhalamba ndi makanda ankatsitsidwa m'timaboti pakati pa matumba a ufa ndi usipa. Ilala ndimailemekeza monga ndilemekezera agogo anga. Koma ndi mtundu wanji wa anthu umene umasenzetsa agogo a zaka zoposa 70 katundu wa mudzi wonse, adzukulu ali chikhalire?

Zimenezi sizidagwe kumwamba ngati mvula. Kuyambira kale padali nyanja ziwiri m'nyanja imodzi. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima pa Cape Maclear pa ulendo wawo wa pakati pa England ndi South Africa, ndipo azungu ankatsika kudzagona pa hotela ya pagombepo. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, pa 30 July 1946, sitima ya Vipya idamira kufupi ndi kwathu konkuno, pakati pa Chitimba ndi Chilumba, nipha anthu 145, ambiri mwa iwo anthu akuda a kalasi yotsika. Kwa ena nyanja idali malo osambira ndi kuothera dzuwa. Kwa makolo athu idali njira ya ku ntchito, munda wa nsomba, ndipo nthawi zina manda. Ufulu wa 1964 sudasinthe kagawidwe kameneka. Mu 1973 boma la Dr Banda lidakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, koma malo ochezera alendo a ku nyanja adapatulidwa. Ganizirani bwino zimenezi. Lamulo lenilenilo lidavomereza kuti gombe la hotela ndi dziko lina, lokhala ndi nzika zina ndi miyambo ina. Lamulolo lidafafanizidwa mu 1993, koma malire amene lidajambula m'mitu mwathu adakalipo.

Lero malirewo akusanduka njerwa ndi waya. Yendani m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ku Senga Bay kapena ku Chintheche, muone m'mene malo amene kale adali m'manja mwa mafumu akusandukira mapuloti, mpanda kugundana ndi mpanda, mpaka mayi wopita kukachapa kapena msodzi wopita ku bwato lake ayenera kuzungulira mtunda wautali kufuna kanjira kotsala. Ine ndemwe tsiku lina, ndili ndi mlongo wanga wamng'ono, ndidabwezedwa pa chipata cha malo ena ogona alendo. Mlonda, munthu wa msinkhu wa bambo anga, adalankhula motsitsa mawu ndi maso ali pansi: "Pepani achimwene, muno ndi mwa alendo." Sindimuimba mlandu mkuluyo, pakuti amateteza nsima ya ana ake. Chimene chidandilasa ndi mawu akuti alendo. Pa chikhalidwe chathu mlendo amalandiridwa ndi mwini mudzi, napatsidwa mphasa ndi madzi. Apa mlendo wakhala m'kati, mwini mudzi waima kunja kwa chipata.

Matenda amenewa si athu okha, ndipo anzathu a pa zilumba za m'nyanja zamchere adawadwala ife tisadayambe. Ku Jamaica lamulo la magombe la 1956 lidaika gombe m'manja mwa boma popanda kupatsa nzika ufulu wofikapo, ndipo mahotela adatseka magombe ambiri okongola mpaka anthu adayamba kupita ku makhoti. Ku Mauritius, kumene ena a ife timalota kukadyera tchuthi tikadzalemera, nzika zidapanga gulu lotchedwa Aret Kokin Nu Laplaz, kutanthauza kuti lekani kuba magombe athu. Ku South Africa padafunika kuti Archbishop Desmond Tutu atsogolere anthu akuda kukaponda mchenga woletsedwa mu 1989, boma lisadatsegule magombe kwa onse m'mwezi wa November chaka chomwecho. Koma ku Barbados magombe onse ndi a anthu onse, ngakhale amene ali kutsogolo kwa hotela yodula koposa, ndipo alendo sadaleke kupitako. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tisankhe tokha ngati tikufuna njira ya Jamaica kapena ya Barbados, mchenga usadathe kugawidwa.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunong'ona. Woyamba adzati: "Iwe mnyamata, dziko lili pa njala, mankhwala kulibe m'zipatala, ndiye ukutitayitsa nthawi ndi nkhani ya kusambira?" Yankho langa ndi lakuti maganizo amenewa ndiwo adamanga ukapolo ndi thangata: akuti wosauka ndi mimba ndi manja basi, alibe maso ofuna kuona, alibe msana wofuna kupuma. Lamulo lathu la ntchito la 2000 limapatsa wantchito masiku 18 a tchuthi pa chaka ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kapena masiku 15 ngati amagwira masiku asanu. Aphungu amene adalemba lamulolo adadziwa kuti munthu si ng'ombe ya pa goli. Ndipo wosauka yemweyo amapeza ndalama ya ulendo wa ku maliro, ya ku chinkhoswe, ya ku msonkhano wa amayi a mvano. Mlimi wa mpunga akagulitsa matumba ake amakhala nako kangachepe m'thumba. Chikusowa ndi khomo lotseguka pa mtengo wofanana ndi thumba lakelo.

Wachiwiri adzati: "Alendo akunja amabweretsa ndalama zakunja, tisawasokoneze." Ine sindikuti alendo athamangitsidwe. Abwere, ndipo abwere ambiri, pakuti alipo abale athu ochuluka amene amadya chifukwa cha iwo. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tidaziona mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa mabwalo a ndege: zipinda zidakhala pululu, antchito adabwezedwa kumudzi, ndipo mwadzidzidzi eni malo ambiri adatsitsa mitengo nayamba kuitana Amalawi. Tsono ngati tidali oyenera kugona m'zipindamo pa nthawi ya mliri, chidatidetsa nchiyani mliri utatha? Kumbukiraninso kuti malo ambiri a pamwamba amawerengera mtengo m'madola. Pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mlendo wa ku London sadamve kanthu, koma kwa mphunzitsi wa ku Karonga chipinda chomwecho chidathawira kutali usiku umodzi. Ntchito yokopa alendo imene yatsamira pa mwendo umodzi wa akunja idzagwa nthawi iliyonse mphepo ikaomba ku Ulaya.

Wachitatu adzati: "Kukhala chogona pa mchenga ndi za azungu, si chikhalidwe chathu." Ameneyu ndimupemphe apite ku Senga Bay kapena ku Mangochi pa tsiku la anakubala mu October, kapena pa Khirisimasi, akaone malole ndi maminibasi odzaza ndi anthu othamangira ku madzi. Njala ya nyanja tili nayo. Koma poti tidapatsidwa masiku awiri okha pa chaka ndi timagombe towerengeka, timaunjikana ngati usipa pa thandala, opanda zimbudzi zokwanira, opanda oyang'anira osambira, ndipo chisangalalo chimathera m'misozi ana akamira. Kenaka anthu omwe aja amatiloza chala kuti Amalawi sadziwa kusangalala mwaulemu. Za chikhalidwe, makolo athu sadali anthu okhala pamodzi ngati mwala. Ankapita kukacheza kwa abale miyezi yathunthu akatha kukolola, ankayenda ndi magule a malipenga mudzi ndi mudzi, ndipo adatisiyira mawu akuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Tsopano ndifike pa ife tomwe, anzanga a pa sukulu pano, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka. Ife ndife amene mawa tidzakhale m'maofesi osaina mapepala a malo, okonza ndondomeko za sitima, olemba timabuku tokopa alendo. Koma tamverani zokamba zathu m'chipinda chodyera. Tikamalota za tchuthi timatchula Zanzibar, Durban ndi Dubai. Amene adapondako amayenda mapewa m'mwamba, pamene amene adafika pa Likoma amafunsidwa kuti kudagwa maliro a yani. Tikamaliza maphunziro tidzapita ku nyanja ndithu, koma ku misonkhano ya m'mahotela, titavala mataye, kulandira ndalama za malawansi, akazi ndi ana tawasiya ku tauni, ndipo madziwo tidzangowaona pa zenera. Ife olemba ndiye tanyanya. M'ndakatulo zathu nyanja ndi fanizo chabe: bata lake ndi mtendere, mwera wake ndi ndale, nsomba zake ndi anthu oponderezedwa. Ndani mwa ife adalembapo za mayi wa ku Wovwe amene kwa nthawi yoyamba m'moyo wake wakhala pansi kudya nsima imene sadaphike yekha, akuyang'ana ana ake akusewera m'madzi? Ngati sitingathe ngakhale kumulingalira pa pepala, tidzamutsegulira bwanji chipata?

Kudandaula kokha sikumanga mudzi, choncho nazi zimene ndikufuna. Choyamba, aliyense wopatsidwa malo m'mbali mwa nyanja alamulidwe kusiya njira ya anthu yofika ku madzi, ndipo mchenga wa m'mphepete penipeni ukhale wa onse monga ku Barbados. Chachiwiri, makhonsolo a Karonga, Rumphi, Nkhata Bay ndi Likoma apatule magombe a anthu wamba okhala ndi mithunzi, zimbudzi ndi anyamata odziwa kupulumutsa omira. Chachitatu, kayendedwe ka pa nyanja kaonedwe monga timaonera msewu wa M1: sitima zokwanira, nthawi yodalirika, ndi tikiti ya banja yotsika mtengo pa tchuthi cha sukulu. Chachinayi, sukulu zogonera pompo ndi nyumba za mipingo za m'mbali mwa nyanja, zimene zimakhala zopanda anthu ana akatsekera, zitsegulidwe kwa mabanja pa mtengo wa kwacha. Chachisanu, mwana aliyense asamalize pulayimale asadapite ulendo umodzi wokaona dziko lake: wa ku Karonga aone Likoma, wa ku Likoma aone Nyika, wa ku Nsanje aone nyanja. Palibe chimodzi mwa izi chimene chikufuna ngongole ya ku Washington.

Mu 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidailemba m'kaundula wa chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Nzabwino, ndipo timanyadira. Koma tsiku ndi tsiku timauza asodzi kuti asamale nsomba, timauza alimi kuti asadule mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, timauza ana kuti akonde dziko lawo. Munthu amasamala chimene akudziwa kuti ndi chake. Mukamuuza kuti nyanja ndi yake pa nthawi yoisamala, koma ndi ya alendo pa nthawi yoidyerera, musadabwe akaponya ukonde wa udzudzu m'madzi nakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Ngati nyanjayi ilidi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, banja la mlimi wa mpunga wa ku Wovwe lili m'gulu la anthu amenewo, ndipo pa mzere wolowera pagombe liyenera kuima patsogolo.